Mzere Woyera pa Botolo la Kamba

"Lero ndikuphani, achimwene."

Mawu amenewa anawamva anthu anayi, ndipo onse anayi anasaina kuti anawamvadi. Anayankhulidwa Loweruka m'mawa pabwalo la masewera owomberana ndi mfuti za penti. Dzuwa lisanapendeke, amene ankauzidwayo anali atagona chafufumimba pa utuchi, magazi akutuluka kunkhongo. Woyankhulayo, mng'ono wake wa bere limodzi, ndiye anali kumbuyo kwake, manja ali papaipi ya botolo la gasi lomwe linamupha.

"Nanga mukufunanso chiyani, a Sajeni?" anatero bwana wa ofesi ya polisi Lachinayi m'mawa, akukankha fayilo patebulo. "Mawu alipo, mboni zilipo, manja ndi ake. Mawa apite kukhoti, tipumeko."

Sajeni, mayi wapolisi, anatsegula fayiloyo. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zomwe mayiyu anakhala akufufuza milandu, anaona akupha amitundumitundu: olira, oseka, opemphera, ngakhale okomoka mwadala. Koma mnyamata amene anali m'chitolokosiyu ankamusowetsa mtendere. Masiku asanu athunthu sanapemphe loya, sanakane mlandu, sanauvomerenso. Funso lake linali limodzi basi m'mawa uliwonse: "Bambo anga abwera?" Ndipo sanabwere. Ngakhale kumutumizira kabulangete, ayi ndithu. Mkulu wake anaikidwa m'manda iye ali momwemo.

"Ndipatseni lero lokha, bwana."

"Lero lokha. Koma za galimoto musandiyambe, ili kugalaja."

Sajeni ananyamula thumba la umboni n'kupita kukakwera basi.

* * *

Bwalolo linali kuseri kwa nyumba yakale yosungiramo katundu, lotchingidwa ndi maukonde aatali. M'kati munali matayala, migolo ndi timakoma ta matabwa, zonse zili waliwali ndi penti wachikasu ndi wobiriwira. Mwini wake anali mayi wa pakamwa posapuma, ndipo anayamba kuyankhula Sajeni asanatseke n'komwe geti.

"Mayo ine, mwabweranso! Ine ndatha, ndatheratu. Chitsegulire bwalo lino munthu sanathyokepo ngakhale chala, lero ndili m'kamwa mwa aliyense. Khalani apa. Ayi, apo pali penti, khalani apa."

"Mawu aja inu munawamva?"

"Akuti ndikuphani? Aaa, inunso! Pano timaphana tsiku lonse. Kampira ka penti kakakuphulikira pathupi, woyimbira amakuwa kuti wafa, iwe n'kukweza dzanja n'kutuluka. Ine ndemwe ndafapo kambirimbiri, koma si uyu ndikuyankhula nanu? Amene anasaina zija ndi alendo, anabwera koyamba tsiku lomwelo. Anyamata anu aja ndinawauza, koma ankangolemba zowakomera."

"Malemuyo bwanji mumamutcha Kamba?"

Mayiyo anapumira m'mwamba, liwu n'kutsika pang'ono.

"Mfuti zimenezi zimawomba ndi gasi. Anthu ena onse botolo la gasilo amalimangirira kumfuti komweko. Koma limalemera, ndipo iyeyu dzanja lamanja linaphwanyidwa ndi makina kuntchito, silinkanyamula cholemera. Ndiye botolo ankalibereka kumsana m'kathumba ka lamba, gasi n'kumayenda m'kapaipi kopotanapotana ngati chingwe cha mafoni akale aja, kudutsa kukhwapa mpaka kumfuti. Akagwada kuseri kwa mgolo, chibotolo chili tumbu kumsana, ndendende kamba. Dzina linamukhala pomwepo, ndipo ankalikonda."

"Nanga mng'ono wakeyo?"

"Mthunzi? Ameneyo ndi mthunzi wakedi. Kumene kuli mkulu wake, iye ali pambuyo. Masewera akatha ndiye ankamumasulira paipi kumsanako, poti mwini wake dzanja silinkafikako. Loweruka lililonse, zaka zitatu! Tsiku limenelo tinawaika m'matimu osiyana, n'chifukwa chake ankaopsezana zophanazo." Anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Ine ndinangomva kuti phuu! Kuyang'ana, botolo lagunda kale malata. Mthunzi ali chiimire, paipi ili m'manja. Kenako anagwada n'kumamugwedeza, ati achimwene dzukani, masewera atha. Mawu amenewo sakundichoka m'khutu."

Sajeni anayang'ana pansi. Kenako anafunsa ngati botolo lingathe kuchoka lokha.

"Zimenezo kafunseni wodzaza mabotolo, ali m'kontena umo. Koma mupirire naye, mawu amawaumira."

* * *

Wodzaza mabotoloyo anali bambo wowonda wa magalasi okhuthala. M'kontenamo munali sikelo, chisilinda chachikulu chomangidwa ndi tcheni, ndi mabotolo ang'onoang'ono ondanda pashelefu. Sajeni anatulutsa zinthu ziwiri m'thumba muja: botolo lakuda lofwaphuka pansi, ndi mutu wake wamkuwa, womwe unali udakalumana ndi kapu yolumikizira paipi.

"Siziyenera kukhala ziwiri," bamboyo anatero. "Mutu ndi botolo ndi chinthu chimodzi. Chomasuka ndi kapu ya paipi basi. Kutembenuza katatu, yachoka."

"Ndiye chinachitika n'chiyani?"

"Kapu inagwira, mutu ndiwo unatembenuka. Utachoka, gasi yense anatuluka kamodzi. Iye botolo ankalibereka chozondotsa, kukamwa pansi. Ndiye linauluka chokwera." Anadzigwira kunkhongo.

"Munthu angaumasule mutuwo ndi dzanja?"

"Sizingatheke. Kufakitale amathira guluu wofiira m'mazinga, n'kumanga ndi makina. Popanda moto ndi vayisi yopanira zitsulo simungaugwedeze."

Analoza pashelefu. Botolo lililonse linali ndi mzere woyera wochoka pamutu wamkuwa kutsikira paphewa la botolo.

"Ndimalemba ndekha. Mzere ukaduka ndiye kuti mutu wasuntha, ndipo sindidzaza. La Kamba ndinaliyang'ana m'mawa womwewo ndisanalidzaze. Unali wowongoka." Anavula magalasi. "Masiku asanu ano ndikatsinzina ndikuuona. Unali wowongoka, mayi."

"Anzanga aja anakuonetsani mutuwu?"

"Anangounyamula."

"Tauonani tsopano."

Bamboyo anavalanso magalasi, natembenuza mutuwo, ndipo anangoti kakasi. Kunsi kwake kunali kapaipi kamkuwa katali, kowotchereredwa bwinobwino, komwe Sajeni ankangoyesa kuti n'kakufakitale.

"Aka si kathu," anatero. "Gasi ameneyu m'botolo amakhala ngati madzi. Botolo likazondoka, madziwo amalowa m'paipi, mfuti n'kuuma ndi kuzizira. Kamba ankadandaula nazo. Anandipempha ndimuikire kapaipi m'kati, kokafika pamwamba pomwe pali mpweya wokha. Ndinakana. Ndinati litumizidwe kwa eni ake."

"Iye anati chiyani?"

"Anaseka. Ati ali ndi mmisiri woposa akufakitale."

"Ndani?"

"Sanatchule."

Anatenga singano n'kuyamba kutokosa m'mazinga. Guluu wofiira munalibe ngakhale kadontho, anali atapalidwa yense. Chomwe chinatuluka ndi kanthu koyera, kopyapyala ngati khungu la anyezi, koterera m'zala. Bamboyo anakaika pachikhatho cha Sajeni.

"Akanso si kathu."

"Ndiye mutuwu unatsegulidwapo. Nanga mzere unawongoka bwanji?"

"N'zimene zikundidwalitsa."

Sajeni anapempha botolo lakufa, lopanda gasi, lomwe mutu wake unali womasula kale koma mzere udakalipo. Ali m'basi pobwerera, analiika pamiyendo n'kumapotokola mutuwo pang'onopang'ono, pofuna kungopatsa manja chochita. Mzere unakumana. Anapitiriza, mzere unaduka, mutu n'kuzungulira, mzere n'kukumananso. Anabwereza kachiwiri kuti atsimikize. Abale inu, chinthu chapafupi chonchi! Mzerewo unkawongoka pa kuzungulira kulikonse, kaya mutu wafika pansi kaya sunafike.

* * *

Apolisi anamutulutsa Mthunzi m'chitolokosi n'kumukhazika pabenchi. Anali adakavala malaya a masewera aja, penti wachikasu atauma paphewa. Maso anali atalowa m'kati.

"Bambo anga abwera?"

"Sanabwere. Tandiuza, kapu ya paipi ija unaitembenuza kangati?"

"Kasanu n'kamodzi."

"Masiku onse imachoka utatembenuza kangati?"

"Katatu."

"Nanga bwanji sunasiye?"

"Inkafewa bwino. Ndinangopisa dzanja kunsi kwa kathumba ngati masiku onse, osayang'anako. Ndinkawaseka kuti ndawapha kawiri tsiku limodzi. Iwo ati ndinachita mwayi. Ndinkaseka, mayi. Achimwene anga anafa ine ndikuseka."

Sajeni anatambasula dzanja n'kumuonetsa kanthu koyera kaja. Mthunzi anakayang'ana kamodzi kokha, nkhope n'kusinthiratu. Sanafunse kuti n'chiyani. Chimenecho Sajeni anachiona.

"Botolo limeneli linagona kuti sabata yatha?"

Mthunzi anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Ndakufunsa."

"Lembani kuti ndine."

"Kuti ndiwe watani?"

"Ndinaumasula ndine mutuwo. Lembani, ndisaina pompano."

"Guluu unamuchotsa ndi chiyani?"

"Ndi... ndi madzi otentha."

"Iwe, usandione kukalamba. Guluu ameneyo sachoka ndi madzi a tiyi. Mawa ukanena zimenezo kukhoti, udzatuluka imvi zili mbuu, ngati n'kutuluka komwe. Ukubisa ndani?"

Mthunzi anatsetsereka pabenchi paja n'kugwada pasimenti, misozi ili chuchuchu.

"Mayi, ndagwira mwendo wanu. Ine ndili bwino momwemuno. Chitani chilichonse, koma kunyumba kokha musapiteko."

* * *

Sajeni anapitako. Anayambira kwa mkazi wa Kamba, m'kanyumba ka zipinda ziwiri komwe mipando inali idakali yokankhidwira kukhoma. Mayiyo anali m'khitchini akutsuka makapu otsukatsuka kale, mwana wamkazi wa zaka ziwiri atamugwira siketi. Ankayankhula motsitsa, mawu amodziamodzi, ngati munthu amene wangodzuka kumene.

"Ankakondana. Zoti anakangana n'zabodza. Mlamu wanga ndiye ankawamangira zingwe za nsapato dzanja lija litangophwanyika."

Sajeni anapempha madzi akumwa. Mayiyo atatsegula mpopi, maso a Sajeni anagwera pakhosi pa mpopiwo, polumikizira paipi. Panali kanthu koyera kakusuzumira m'mazinga. Anakagwira ndi chikhadabo. Kanali kopyapyala, koterera.

"Mpopiwu anakonza ndani?"

"Apongozi. Ndi pulambala, agwira za mipope zaka makumi anayi. Imeneyo ndi tepi yawo, sayenda opanda iyo m'thumba." Kwa nthawi yoyamba mayiyo anakhala ngati amwetulira. "Mpopiwu sunawonongeke wokha. Bambo a mwanayu anachita kuukhwefula dala. Chimwalirireni apongozi aakazi, madalawo ankangokhala ndwii pakhonde, ntchito anawapumitsa. Ndiye iwo ankawapezera tochita. Lero mpopi, mawa chitseko. Ati munthu wa manja ukamulanda chogwira wamupha."

"Botolo la gasi lija linkakhala pano?"

"Kuseri kwa chitseko uko. Koma sabata yathayi ayi. Lachitatu analipititsa kwa bambo awo, analitenga Lachisanu. Anabwera akusangalala, ati madala ayambanso kuimba likhweru pogwira ntchito." Anaima, kapu ili m'manja. "Bwanji mukufunsa zimenezo? Anzanu aja sanandifunse."

Sajeni anazemba funsolo. "Apongozi anuwo akuti chiyani za Mthunzi?"

"Akuti anali ndi ana awiri, ndipo onse anafa Loweruka. Dzina lake safuna kulimva. Ndinakonza kabulangete kuti ndikamupatse, anandilanda m'manja."

Kamwana kaja kanakoka siketi n'kufunsa ngati adadi abwera. Mayi ake anangokanyamula.

* * *

Panjira yopita kwa mdalayo Sajeni anaima kawiri. Mtima unkamuwawa, ndipo kunena zoona ankafuna kubwerera. Mnyamata uja anali atasankha yekha. Ankalolera kuwolera m'ndende, bambo ake akumutemberera, kusiyana n'kuti mdalayo adziwe chomwe manja ake anachita. Nanga iye Sajeni anali ndani kuti akaphwasule zimenezo? Koma akakumbukira penti wouma paphewa paja, ndi khoti la mawa, miyendo inkayamba yokha kuyenda.

Anawapeza m'kagalaja kuseri kwa nyumba. Pakhoma panali thabwa lalikulu lokolekapo zida, chida chilichonse pamalo pake, masipanala atandanda kuyambira wamng'ono mpaka wamkulu. Pabenchi panali vayisi ndi chowotcherera cha moto wa gasi. Mdalayo anali atakhala pasitulo, manja akuluakulu ali pamawondo. Pampando wina panali kabulangete kopindidwa bwino.

"Ngati mwabwerera za uja, mwataya nthawi yanu, mayi."

"Ndabwera kwa mmisiri, bambo. Pali chinthu chandizunguza mutu."

Anawapatsa botolo lakufa lija ndi mutu wake. Mdalayo analilandira mokayika, koma litangofika m'manja zala zinayamba zokha kufufuza mazinga. Nkhope inafewa.

"Ngati la mwana wanga," anatero. "Ndinamukonzera sabata yathayi. Anabwera akuti, bambo, mfuti ikuuma, ndithandizeni. Ndinati bweretsa kuno, ntchito yamasana amodzi imeneyo. Kapaipi ndinawotcherera ndekha. Anati chiyambire masewerawa mfuti sinawombepo bwino chonchija. Anandiimbira foni m'mawa womwewo atangoyesa." Anasisita botolo lija. "Ndiyo ntchito yomaliza yomwe ndinamugwirira. Ndimathokoza kuti ndinaigwira bwino."

Mdalayu sankabisa kanthu. Sankadziwa.

"Mutuwo munautsegula bwanji?"

"Aaa, anandivutitsa! Akufakitale anapakamo zinthu zofiira zouma gwa. Ulesi umenewo, ntchito ya anthu osaganiza za mawa. Ndinaupana pavayisi, n'kuutenthetsa, mpaka unalola. Zofiirazo ndinapala zonse ndi bulashi yawaya, mazinga n'kuyera mbee."

"Tandionetsani mmene munabwezeretsera."

Anapisa dzanja m'thumba la malaya n'kutulutsa kagudumu ka tepi yoyera. Anakulunga m'mazinga mwaluso, chala chachikulu chikupsinja, kasanu n'kawiri, n'kudula ndi chikhadabo.

"Joini yanga sinadonthepo, mayi, funsani aliyense. Tepi imatseka, komanso ubwino wake ndi wakuti mawa ukafuna kumasula sizivuta."

Analowetsa mutuwo n'kuyamba kumanga. Tepi ija itadzaza mazinga, mutu unayamba kulimba. Anatenga sipanala, nakoka pang'ono mpaka mzere woyera wa pamutu unakumana ndi wa pabotolo. Pomwepo anasiya.

"Apa. Anachita bwino kujambula mzere wosonyeza polekezera."

Pakati pa mutu ndi khosi la botolo panali kampata koti chikhadabo n'kulowa. Sajeni anakayang'ana, kenako anayang'ana mdalayo. Pa ntchito yake yonse sanadepo pakamwa pake ngati tsiku limeneli.

"Bambo, mzerewo si wosonyeza polekezera. Amaujambula kuti mutu ukasuntha aone, asadzaze. Umakumana pa kuzungulira kulikonse. Apa kwatsala kuzungulira kumodzi kuti mutu ufike pansi. Ndipo zofiira zija si ulesi. Amaziika dala kuti mutuwo usadzamasukenso mpaka kalekale, chifukwa kumbuyo kwake kuli mphamvu yoposa ya madzi a mumpopi kutalitali."

Mdalayo anachita tsinya. "Mukufuna kundiphunzitsa ntchito?"

"Ayi, bambo. Ingoikani sipanalayo pansi. Gwirani mutuwo ndi dzanja lokha, ngati munthu amene akumasula kapu ya paipi, mutembenuze chobwerera."

Anaugwira monyoza, nakoka. Poyamba unakana pang'ono, kenako unalola. Unayenda mofewa, mopanda phokoso, monga momwe joini yawo iliyonse inkayendera. Milomo ya mdalayo inayamba kuwerenga yokha mwachizolowezi. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Kachinayi, ndipo dzanja silinasiye. Kachisanu. Kachisanu n'chimodzi mutu wamkuwa uja unagwera m'chikhatho mwawo, tepi yoyera ikulendewera.

Panja pankamveka ana akusewera mpira mumsewu.

"Mthunzi nayenso anawerenga kasanu n'kamodzi," Sajeni anatero. Anatulutsa mutu weniweni uja m'thumba la umboni, wa kapaipi kowotcherera bwino, n'kuuika pabenchi pamodzi ndi kachidutswa ka tepi.

Mdalayo anayang'ana ntchito ya manja awo nthawi yaitali. Sanakuwe. Anangotsika pasitulo paja pang'onopang'ono mpaka kukhala pansi pasimenti, miyendo tambalale ngati mwana.

"Ndine," anatero. "Mayo, ndine. Mwana wanga anabwera kudzandisangalatsa, ine n'kumumangira imfa kumsana. Ndinaimba likhweru, mayi. Ndinkaimba likhweru pomanga."

Sajeni anagwada pambali pawo.

Patapita nthawi mdalayo anadzutsa mutu. "Wamng'onoyo akudziwa?"

"Akudziwa. Ndikuganiza kuti tepiyo anaiona Loweruka lomwelo, paipi ili m'manja mwake. Wakulira m'galaja muno, sangaisokoneze ndi china. Lero wandigwadira kuti ndilembe zoti anamasula ndi iye, ndiponso kuti kuno ndisafikeko."

"Kuti ine ndisadziwe."

"Eya."

"Ine ndinaima pamanda a mkulu wake n'kunena pagulu kuti ndilibenso mwana." Anadzimenya pachifuwa ndi chibakera, kamodzi, mwamphamvu. "Masiku asanu akugona pasimenti chifukwa cha ine, ine ndikumutemberera pabedi!"

"M'mawa uliwonse amafunsa ngati mwabwera."

Apa m'pamene mdalayo analira, kulira kwenikweni kwa munthu wamkulu, komwe kumachititsa manyazi woonerera. Atatha anagwira mwendo wa benchi n'kudzikoka mpaka kuimirira. Anabwezera sipanala pamalo pake pathabwa paja, poti manja anazolowera. Kagudumu ka tepi anakaika m'dzanja la Sajeni.

"Mundimanga?"

"Mukapereka sitetimenti. Zotsalazo akaona ndi akhoti, ine sindingakulonjezeni kanthu."

"Musandilonjeze." Anatenga kabulangete kaja pampando n'kukapana kukhwapa. "Amamva kuzizira msanga mwana ameneyo, chiyambire ali wakhanda. Tiyeni."

* * *

Anafika kupolisi dzuwa lidakalipo. Bwana wa ofesi anatsegula pakamwa kuti afunse, koma ataona nkhope ya Sajeni anatsekanso.

Mthunzi atamva mapazi anaimirira n'kugwira zitsulo za chitseko. Ataona bambo ake, kabulangete kali kukhwapa, nkhope inawala kamphindi kochepa chabe. Kenako anaona maso awo, ndipo anatembenukira kwa Sajeni.

"Ndinakupemphanitu, mayi."

"Unandipemphadi," Sajeni anayankha. "Undikhululukire."

"Bambo, musawamvere. Ndine ndinatembenuza. Ndikanasiya pa katatu, ndikanayang'ana..."

Mdalayo analowetsa manja pakati pa zitsulo n'kugwira manja a mwana wawo. Anawatembenuza, nayang'ana zikhatho zonse ziwiri bwinobwino, monga ankayang'anira paipi asanaigule. M'zikhadabo munali mudakali penti wachikasu.

"Manja awa alibe kanthu," anatero. "Ndi penti chabe uyu, achoka ndi sopo." Kenako anatambasula awo, aakulu, azipsera. "Ndi awa, mwana wanga. Ndi awa."

Mthunzi anawagwira manjawo n'kuwakanikiza pankhope pake, osafuna kuwasiya. Kabulangete kaja kanagwa pansi, ndipo panalibe anakatola.

Sajeni anatembenuka n'kupita kukafuna wa makiyi. Anayenda msanga, chifukwa sankafuna kuti anyamata a pakauntala amuone akulira.